Ndalama za gulu: nyumba ya aphunzitsi kapena gombe la kuseri kwa sukulu?

Mlembi: Moni nonse, akumudzi ndi akutali omwe. Monga tinapangana pa msonkhano wa mwezi watha, ndabweretsa nkhani ya ndalama kuti tiikambirane pano tisanavote. M'thumba la gulu muli K7.4 miliyoni. Maganizo alipo awiri. Oyamba ndi akale aja, oti timalize nyumba ya aphunzitsi imene inaima pa linta. Achiwiri achokera ku komiti ya kumudzi. Iwo akuti tiyambe tateteza gombe la mtsinje pokhota paja, kuseri kwa sukulu, chifukwa likugumuka chaka ndi chaka. Bungwe lina limene likugwira ntchito za kusintha kwa nyengo m'dera la Mlolo lati lipereka mbande za nsungwi ndi udzu wa vetiva, ife tikagula miyala ndi mawaya n'kulipira aganyu. Aliyense alankhule, koma mwaulemu chonde.

Malume a njanji, Limbe: Zikomo a Mlembi. Voti yanga ili pa nyumba ya aphunzitsi, ndipo ndifotokoze chifukwa chake kuti pasapezeke wonena kuti mkuluyu wangokana.

Mawu akuti kusintha kwa nyengo sandigwira mtima. Ndagwira ntchito ku njanji moyo wanga wonse. Mu 1997 ndinaima pa Chiromo n'kuona ndi maso angawa pamene madzi anadula njanji yopita ku Bangula. Zitsulo zinali lende m'malere, dothi la pansi pake litapita lonse. Nthawi imeneyo panalibe wotchula nyengo, tinkangoti Ruo wakwiya. Mu 1991 Napolo anasesa ku Phalombe. Mu 1946 anasesa ku Zomba. Bambo anga ankasimba za njala ya 1949, mvula itakana. Kodi nthawi imeneyo magalimoto anali angati m'dziko muno? Chigwa chathu ndi cha madzi ndi dzuwa kuyambira kalekale, ndipo madzi saiwala khwawa. Ndiye lero munthu atsike m'galimoto yoyera kudzandiuza kuti madzi a kwathu ndi chinthu chachilendo?

Chachiwiri, mitengo tinabzalapo. Madzi a 2015 atapita kunabwera bungwe lina, silomweli ayi. Anagawa matisheti, anthu anakhala m'kalasi masiku atatu akulandira maalawansi, mbande n'kufika mvula ikutha. Tinabzala, anajambula zithunzi, anapita. Pofika mu Juni mbuzi zinali zitamaliza zonse. Pitani mukaone, chatsala ndi chikwangwani chokha. Zimandiwawa chifukwa ndinatumiza ndalama yanga ya penshoni kuti anyamata azithirira mbandezo.

Nyumba ya aphunzitsi ndi chinthu chogwirika. Mphunzitsi wa Sitandade 8 amapalasa njinga kuchokera ku Fatima tsiku lililonse, mvula ikagwa safika. Tifolere nyumbayo ana apindule chaka chomwe chino.

Achimwene a ku Joni: Malume mwalasa. Ine ndiwonjezere. Madzi amene amatipha ife amachita kutsegulidwa ku Liwonde. Nyanja ikadzaza amatsegula zitseko za pa baraji, ife akumunsi n'kumamira, kenako mlandu aupereka kwa nyengo. Komanso ngati mlengalenga mwada, odetsa ndi eni mafakitale. Ine ndimayendetsa thiraki, ndimadutsa ku Mpumalanga kumene kuli malo opangira magetsi ndi malasha. Utsi wake usana ndi usiku, osapuma. Ndiye mayi anga akumudzi ndi amene aziuzidwa kuti asiye nkhuni?

Aphunzitsi opuma, Fatima: Moni a Wapampando ndi nonse. Ndiyambe ndi za Liwonde, chifukwa nkhani imeneyi ndaimva pa maliro, pa msika, ngakhale potuluka m'tchalitchi, ndipo imatisocheretsa. Mwana wanga wa ku Joni, tenga mapu. Baraji ya Kamuzu inamangidwa mu 1965 kuti madzi a mu Shire aziyenda mwa muyeso, makamaka chifukwa cha magetsi. Tsopano werenga mitsinje imene imathira mu Shire kumunsi kwa Liwonde: Lisungwi, Mkulumadzi, Mwanza, Ruo, osawerengera timitsinje totsika m'mapiri a Thyolo monga Thangadzi. Palibe ndi umodzi womwe umene uli ndi chitseko. Ruo amatenga madzi a phiri la Mulanje, amalandira Thuchila panjira, n'kudzagwera mu Shire pa Chiromo. Akabwera ndi ukali amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kukadzaza dambo la Elephant Marsh. N'chifukwa chake kwathu kumatha kukhala kuli ngwee, nyenyezi zikuoneka, koma pakati pa usiku madzi ali pakhomo. Mvula yagwa ku Mulanje. Mu 2015 Ruo anasiya njira yake yakale n'kudzidulira ina cha ku Osiyana ndi Makhanga. Ameneyo sanatsegulidwe ndi munthu.

Pamene ukunena zoona ndi apa: nyanja ikakwera kwambiri monga inachitira mu 2024, madzi odutsa pa Liwonde amachuluka, dambo siliphwa msanga, madimba ena amakhala m'madzi mpaka nthawi yobzala itapitirira. Koma madzi a usiku umodzi aja, ogwetsa nyumba, ndi a Ruo ndi anzake.

Kwa achimwene anga a njanji, mbiri mwaitchula bwino ndipo ndikuwonjezerani. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930, nyanja inatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka m'nyanjamo. Ndipo makolo athu sakanasunga kachisi wa Mbona ku Khulubvi n'kumapita kukapempha mvula, mvulayo ikanakhala yosavuta. Ndiye inde, chilala ndi madzi si alendo kuno. Changa n'chakuti tiwerenge kuti zikubwera motalikirana bwanji. Ndaphunzitsa zaka 34. M'zaka zanga zoyamba, kalasi ikasanduka kampu chinali chinthu choti ana amakula akuchisimba. Tsopano onani: madzi a 2015, namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022, namondwe Gombe mu Malichi chaka chomwecho, namondwe Freddy mu 2023, kenako dzuwa la El Niño mu 2024 pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Mwana amene anayamba Sitandade 1 mu 2015 wathawa madzi kangati asanalembe mayeso a Sitandade 8?

Mdzukulu wa ku Bunda: Ndapempha kuti ndilankhuleko pamaso pa akuluakulu. Agogo a njanji, asayansi sanena kuti madzi osefukira anayamba dzulo. Chimene amanena n'chakuti dziko lonse latentha ndi digiri yopitirira 1 poyerekeza ndi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, chifukwa cha mpweya wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi. Mpweya wofunda umanyamula chinyezi chambiri, pafupifupi 7 peresenti pa digiri iliyonse. Zili ngati munthu amene wasiya ndowa ya malita 20 n'kutenga yokulirapo. Ulendo wa ku mjigo ndi womwewo, koma ikatayikira m'nyumba madzi ake ndi ambiri.

Namondwe amatenga mphamvu ku madzi ofunda a m'nyanja yamchere. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Anawoloka nyanja yonse ya India, anagunda Madagascar ndi Mozambique, anabwereranso m'nyanja, n'kudzalowanso kachiwiri pafupi ndi Quelimane asanatifike ife. Anakhala masiku 36, ndipo bungwe loona zanyengo pa dziko lonse linatsimikiza kuti mwa anamondwe onse olembedwa palibe anakhalitsa chotero. Sindikunena kuti kutentha ndiko kunabala Freddy, anamondwe analipo kale. Ndikunena kuti namondwe wa lero amabwera atasenza madzi ambiri kuposa mnzake wa nthawi ya agogo.

Achimwene a ku Joni, pa za mafakitale sindikutsutsani. Malawi amatulutsa utsi wochepa zedi. Koma ngakhale wolakwa ndi wina, madziwo akugwera pa denga lathu.

Malume a njanji, Limbe: Mdzukulu, wafotokoza bwino ndipo sukulu yako sindikuinyoza. Koma undiyankhe ichi. Malo oyezera mvula amene ine ndikuwadziwa bwino m'chigwa muno ndi ku Ngabu ndi ku Makhanga. Kumtunda kwa mtsinje wathu, kumene mvula yotivutayo imagwa, amayeza ndani? Ndiye mukudziwa bwanji kuti mvula ya lero ikuposa ya nthawi ya bambo anga pa phiri lomwelo?

Chimene ine ndikudziwa kuti chasintha ndi mapiri. Ndili mnyamata, sitima ikamakwera kuchoka ku Makhanga kudzera ku Sankhulani ndi Thekerani kulowera ku Luchenza, malo ambiri linali thengo lokhalokha. Lero ndi minda mpaka pansonga. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Onsewa akufuna munda, nkhuni, makala, njerwa zowotcha. Dothi la m'mapiri latsikira m'mitsinje. Pita pa mlatho wa Mwanza pa msewu wa M1 m'chilimwe ukaone, ndi bwalo la mchenga. Mtsinje ukadzaza mchenga, mvula yomwe ija yakale imasefukira. Zimenezi sizilira Australia kuti munthu azimvetse.

Chimene ndimadana nacho pa mawu akuti nyengo n'chakuti amatichotsera mlandu ifeyo. Amauchotseranso amene ankayenera kukumba mitsinje ndi kukonza milatho. Mlatho ukagwa chifukwa simenti inabedwa, akuti nyengo. Munthu akalima pa gombe, akuti nyengo. Aliyense amangoloza kumwamba, pansi pano osayang'anapo.

Mdzukulu wa ku Bunda: Agogo, pa zoyezera mwagunda pomwepo. Akatswiri a World Weather Attribution atafufuza mvula ya Ana ndi anamondwe ena a 2022, anapeza kuti kutentha kwa dziko kunaikulitsa, koma anavomera poyera kuti sangathe kunena kuti inakula ndi zingati, chifukwa malo oyezera mvula kuno ndi ochepa ndipo zolembedwa zake zili ndi mipata. Ndiye kukayika kwanu pamenepo kuli ndi maziko. Koma kutentha kwa dziko ndi kwa nyanja kumayezedwa m'malo zikwizikwi, pamtunda, panyanja ndi pa masetilaiti, ndipo zonse zikuloza kumodzi. Za mchenga ndikuvomereza zonse. Ine ndimaona zinthu ziwiri zikukumana pakhomo limodzi: ndowa yakula, ngalande yachepa. Pa ziwirizi, chimene gulu lathu lingachigwire ndi manja ndi ngalande. Mfundo yanu ya mchenga ndi imene ikuikira kumbuyo ntchito ya pagombe kuposa yangayi.

Achemwali anamwino, Blantyre: Ine ndili ndi nkhawa ina. Kukayikira mabungwe ndikukumvetsa, nanenso ndaona zambiri. Koma tisamale kuti ana athu asamve kuti chilichonse chochokera kwa a zanyengo ndi bodza. Freddy asanafike, nthambi ya zanyengo inachenjeza pa wailesi masiku angapo. Ndinaimbira foni azakhali anga kuti atuluke kudimba akagone kumtunda. Anandiyankha kuti amenewo amanena chaka chilichonse. Anapulumutsidwa ndi bwato atagona mumtengo usiku umodzi, ndipo mwendo wawo sunachire bwino mpaka lero. Sabata imeneyo ndinali pa ntchito pamene ankabweretsa anthu a ku Chilobwe, matope a phiri la Soche ali m'makutu ndi m'kamwa. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Malume, tsutsanani ndi mdzukulu za madigiri mmene mungathere, koma chenjezo likabwera muzikhala woyamba kuuza anthu kuti asamuke. Mawu anu kumudzi amamveka kuposa wailesi.

Malume a njanji, Limbe: Pa chenjezo sindinatsutsepo, mwana wanga. Ku njanji tikamva kuti mvula yagwa kumtunda, sitima inkaima mpaka woyendera njanji abwere. Pepa ndi za azakhali.

Mayi a komiti ya kumudzi (voisi yawo, walemba ndi mwana wawo): Takhuta nonse potikumbukira. Ine sukulu sindinapite nayo patali, za madigiri sindizidziwa. Ndinena zimene mapazi anga akudziwa.

Ndili mtsikana, kukatunga madzi pa dooko la kuseri kwa sukulu tinkachita kutsika. Gombe linkatipitirira mutu, munthu wodutsa pa njira samakuona uli pansi. Pokwera ndi mtsuko tinkagwira mizu ya mkuyu umene unali pamenepo. Lero mbali ya dooko ija mwana wa zaka zisanu amalowa mumtsinje osatsika, amangoyenda ngati akulowa m'munda. Mchenga wadzaza pakati, ndiye madzi akabwera amathawira pokhota paja n'kumadya dothi la kusukulu. Mkuyu uja unapita mu 2015.

Usiku wa Freddy ndinadzuka chifukwa mphasa inazizira. Nditaponda pansi madzi anali m'akakolo. Pamene ndimamaliza kubereka mdzukulu kumbuyo anali m'mawondo. Tinathawira kusukulu, m'kalasi ya Sitandade 5, mabanja 14, mbuzi pakhonde. M'mawa tinapeza madzi akunyambita chimbudzi cha atsikana. Tsiku lachitatu chinapendekeka n'kugwera momwemo, tonse tikuona. Sukuluyi ikapita tidzathawira kuti? Palibe nyumba ina ya malata yoti ingalandire mudzi wonse.

Dzulo nditamva kuti nkhaniyi ili pa foni, ndinatenga anzanga awiri a komiti tinakayeza poyenda. Kuchokera pa maziko a nyumba ya aphunzitsi kufika pomwe dothi lathera, mapazi 58. Pamene tinkakumba mazikowo mu 2019 anali 90 ndi kanthu, ndikukumbuka chifukwa amfumu anafunsa ndipo ndinayeza ndine. Achimwene a njanji, nyumbayo ife tikuifuna kuposa inu, njerwa zake tinaumba ndi manja athu. Koma mtsinje ukuilondola.

Za mbande zija mwanena zoona, ndinabzala nawo. Zinafa chifukwa zinabwera mochedwa, komanso palibe amene anauzidwa kuti mtengo uwu ndi wako, uuyang'anire. Mukabwera mudzaone mzere wa vetiva umene malemu amuna anga anabzala kumalire kwa dimba lathu. Matope anaukwirira kawiri, kawiri konse unaphukanso. Kuseri kwake dothi lakwera, kwa mnansi wathu amene sanabzale kwakumbika mpaka m'chiuno.

Msungichuma: Ndafunsa mitengo. Malata, matabwa, pulasitala, zitseko ndi mawindo a nyumba zidya pafupifupi ndalama zonse. Miyala ya m'mawaya pokhota ponse sitingakwanitse, ndalama yathu ifika mwina theka. Zonse ziwiri pamodzi sizitheka. Komanso tisagone nayo ndalamayi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinaona tonse mmene simenti ndi malata zinathawira. Chimene tisankhe, tisankhe mvula isanayambe.

Achemwali a ku Lilongwe: Ine ndifunse ndisaname kuti ndamvetsa. Damu la ku Kapichira linamangidwa ndi mainjiniya ndi ndalama zankhaninkhani, koma namondwe Ana analigumula mu 2022, magetsi n'kumazimazima m'dziko lonse kopitirira chaka. Ife ndi K7.4 miliyoni tiimitsa mtsinje? Kuli bwanji titamanga nyumba ina pamalo okwera, iyi n'kuisiya?

Malume a njanji, Limbe: Mlongo wanga wa kumudzi, voisi yanu ndaimvera kawiri. Mapazi 58 andifika pamtima. Pa za nyengo sindinasunthe, ndikuti vuto ndi mchenga ndi makasu athu. Koma gombe ndi ntchito imene ndikuidziwa, chifukwa tinkateteza milatho ya njanji.

Mwana wanga wa ku Lilongwe, palibe amene angaimitse madzi osefukira. Miyala ndi udzu siziletsa madzi kukwera, zimangoletsa gombe kudyeka. Ndipo kusiya nyumba sikuthetsa kanthu, chifukwa kuseri kwa nyumbayo kuli makalasi.

Koma mundimvere bwino. Mukaunjika miyala ya m'mawaya pamwamba pa mchenga, ndalama mwaziponya m'madzi. Madzi sagunda pamwamba, amakumba kunsi, bokosi lonse n'kugwada. Pamafunika kukumba mpaka dothi lolimba, kuyala mphasa ya miyala kutsogolo kwake, ndipo mutu wa mzerewo ulowe ndithu m'gombe kumtunda kwa pokhota. Apo ayi madzi adzadutsa kumbuyo kwake, miyala n'kutsala pakati pa mtsinje ngati chilumba. Ngati ndalama ndi ya theka, theka limenelo liike munthu wodziwa, osati aganyu okha. Chinanso, mukalimbitsa mbali ino madzi amakankhidwira tsidya. A tsidya lija tawafunsa? Ndiponso gombe loima njo silibzalika. Liyenera kusemedwa likhale lotsetsereka, vetiva n'kubzalidwa m'mizere. Kusema kumeneko kumadya malo, ndipo si malo ochepa.

Mdzukulu wa ku Bunda: Zoona agogo. Vetiva amagwira chifukwa mizu yake imalowa pansi molunjika, mamita awiri kapena atatu. Koma abzalidwe mothithikana, kotalikirana ngati chikhatho, mvula ikangoyamba, ndipo chaka choyamba ziweto zisamufike. Nsungwi zimafuna zaka zingapo, ziyenera kukhala kumbuyo, osati pamlomo pa madzi.

Mayi a komiti ya kumudzi (voisi yachiwiri): Achimwene, mwafika pamene ife timaopa kutchula. Pokhota paja pali madimba a mabanja anayi, ndipo amalima mpaka pamlomo pa madzi. Lalikulu ndi la achemwali anu. Sindikuwanena ayi. Akulera ana amasiye atatu, ndipo chimanga cha kumphala chitapsa ndi dzuwa mu 2024 anapulumukira mbatata ndi nyemba za pamenepo. Inenso ndimalima dimba. Kuno munthu wopanda dimba ndi amene amayamba kulowa m'dambo kukazula nyika, ng'ona zili momwemo. N'chifukwa chake boma likati samukirani kumtunda anthu amapita, koma pakatha miyezi itatu abwerera. Kumtunda kuli pogona, chakudya chili kumunsi.

Koma khasu likamafika pamlomo pa gombe chaka ndi chaka, vetiva sangamere, ngakhale mutabweretsa mabungwe khumi. Komanso mbuzi. Tikakolola zimamasulidwa zonse, ndipo mbuzi zambiri m'mudzi muno eni ake ali pa foni pompano, m'tauni. Nkhani ya nyengo mukhoza kukangana mpaka chaka chamawa, koma iyi ya madimba ndi mbuzi ndi imene ife tikufuna mutithandize, chifukwa ife tikainena timadana ndi anansi.

Achimwene a ku Joni: Aphunzitsi, za Liwonde ndamva, ngakhale mtima sunakhazikike kwenikweni. Koma pa madimba ndikukana kuti tilande munda wa munthu m'dzina la chitukuko. Amenewa si amene anatenthetsa dziko. Mu 2022 pa msonkhano wa ku Egypt mayiko anagwirizana za thumba lolipira zowonongeka ndi nyengo. Mayi amene akulera amasiye atatu sangakhale woyamba kulipira pamene thumba limenelo sitinalione. Ngati tisema gombe, gulu lilipire mabanja anayiwo, kapena amfumu awapezere malo ena a chinyontho. Ine ndiwonjezera yanga pa zimenezo. Mbuzi zanga zisanu ndi ziwiri zili kwa mayi, ndauza mphwanga azimange. Bungwelo liuzidwe kuti matisheti ndi maphunziro a m'kalasi sitikufuna. Mbande zifike Disembala asanayambe, apo ayi akhale nazo.

Aphunzitsi opuma, Fatima: Ndikugwirizana ndi zolipira. Ndipemphenso chinthu chotsika mtengo. Tigule choyezera mvula chimodzi chiikidwe pasukulu, ndi mtengo wolembedwa manambala uzikidwe pagombe. Ana a Sitandade 7 azilemba m'kope tsiku lililonse. Achimwene a njanji afunsa kuti amayeza ndani. Tiyeze ife.

Malume a njanji, Limbe: Chimenecho ndiye ndikuchifuna, aphunzitsi, ndipo ndigula ndine. Za achemwali anga zandilemera. Sindinkadziwa kuti khasu lafika pamenepo. Ndilankhula nawo ndekha pamaso, osati pa foni, ndipo pasapezeke wina wowafikira ine ndisanafike. Voti yanga sindinaisinthe. Ndikufuna ndikaone kaye ngati pansi pa mchengawo pali dothi loti lingagwire miyala. Ngati palibe, ndidzanena pano kuti tisataye ndalama, ngakhale mudane nane.

Wapampando: Zikomo nonse. Voti ya Lamlungu ndaiimitsa kwa masabata awiri. Loweruka likubwerali Malume a njanji, mdzukulu wa ku Bunda ndi komiti ya kumudzi akayendera gombe. A Mlembi alembe kalata yopita kwa amfumu, yopempha kuti aitane mabanja anayi aja pamodzi ndi a tsidya lija, Malume akatha kulankhula ndi achemwali awo. Alembenso ina yopita ku khonsolo ya Nsanje yopempha injiniya woti adzaone malowo, ndipo bungwe lija liuzidwe za tsiku la mbande monga anenera achimwene a ku Joni. A Msungichuma mutibweretsere mitengo ya njira zitatu: nyumba yokha, gombe lokha, ndi theka la gombe kuphatikiza malipiro a madimba. Amene muli ndi mbuzi kumudzi mulembe pano kuti ndi zingati ndipo akuweta ndani.

Achemwali a ku Lilongwe: Zanga ndi zinayi, zili kwa alamu.

Malume a njanji, Limbe: A Mlembi, mundipezere tepi ya mamita 50 ndi nsungwi yaitali yowongoka yoti tikazike mumchenga. Mdzukulu ubwere ndi kope. Ndikwera ya m'mawa Lachisanu kudzera pa Thabwa, msewu ukakhala bwino ndifika dzuwa lisanalowe.

Mayi a komiti ya kumudzi: Nsungwi ilipo, ndadula kale. Mubwere ndi nsapato zoti zinyowe.